Leontyne Price: mayi amene anadziwa nyimbo zoyenera kukana

Mayi wina amene amaimba soprano m'kwaya ya kumpingo kwawo walemba kuti: "Mwana wanga anandionetsa vidiyo pa YouTube ya mayi wakuda, wachikulire ndithu, akuimba yekha pasiteji. Atamaliza, anthu anawomba m'manja osalekeza, iye atangoima chilili, milomo ikunjenjemera. Pansi panalembedwa kuti Leontyne Price, 1985. Kodi ameneyu ndi ndani? Maikolofoni sindinaione, kodi anachita kubisa? Nanga zimatheka bwanji munthu wa msinkhu umenewo kukhala ndi mawu otere, pomwe ine, wosafika ndi zaka 40 zomwe, ndikaimba paukwati Loweruka, Lamulungu mawu amakhala atasasa?"

Mayi, zimene mwaonazo zinachitika usiku wa pa 3 Januwale 1985 ku Metropolitan Opera mumzinda wa New York, holo imene eni ake amangoti Met. Mayi Price anali ndi zaka 57, ndipo aka kanali komaliza kuti aimbe opera pasiteji. Aliyense m'holomo ankadziwa kuti akutsanzikana nawo, ndipo wailesi yakanema inkaulutsa mwambowo. Opera ndi sewero limene mawu ake amaimbidwa, kuyambira moni mpaka imfa, gulu lalikulu la oimba zida, lija amati orchestra, likuperekeza. La tsiku limenelo linali Aida, lopekedwa ndi Giuseppe Verdi wa ku Italy, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Cairo mu 1871. Aida ndi mwana wa mfumu ya ku Ethiopia amene wagwidwa ukapolo ku Egypt, ndipo tsoka lake n'loti wakondana ndi mkulu wa asilikali amene akukathira nkhondo kwawo. Nyimbo mwamvayo, "O patria mia", amaimba ali yekha usiku m'mbali mwa mtsinje wa Nile, akudandaula kuti dziko la makolo ake sadzalionanso. Ndiye taganizani, munthu akuimba mawu otsanzika dziko lake pamaso pa anthu amene akudziwa kuti nawonso sadzamuonanso pamalo amenewo. Kunjenjemera kwa milomo kuja sikunali kwa sewero ayi.

Maikolofoni yokuzira mawu panalibe. Awailesi anali ndi zawo zojambulira, koma anthu pafupifupi 3,800 amene amakwana m'holo ya Met anamva zimene zinkachoka pakamwa basi. Ndipo pakati pa woimba ndi omvera pali dzenje momwe mumakhala orchestra, anthu amene nthawi zina amapitirira 80, malipenga ndi ng'oma zili momwemo. Munthu akati awapose ndi kukuwa, satha ngakhale theka la ola. Chimene oimba opera amaphunzira kwa zaka zambiri ndi kusunga mpweya ndi minofu ya m'nthiti ndi ya m'mimba kuti uzituluka pang'onopang'ono, khosi lili lomasuka, kenako n'kuumba malo a m'kamwa ndi kummero kuti mawu akhale ndi kuwala kwina kwake. Kuwala kumeneku kumakhala cha pa kunjenjemera 3,000 pa sekondi, pomwe orchestra ilibe mphamvu zambiri koma khutu la munthu limamva msanga. A soprano amawonjezera kutsitsa chibwano akamakwera, n'chifukwa chake mumawaona atayasamula kwambiri pa manotsi apamwamba. Mukaionerenso vidiyoyo ndipo muyang'ane mapewa a mayi Price. Sakwera. Cha kumapeto kwa nyimboyo Verdi analemba notsi yokwera kwambiri, ija amati C wapamwamba, n'kulamula kuti iimbidwe mofatsa, ndipo pamenepa ndi pomwe oimba ambiri otchuka amagwa nayo.

Mayiwa anabadwa pa 10 Febuluwale 1927 m'tauni ya Laurel, m'chigawo cha Mississippi, kummwera kwa America, kumene tsankho linali lamulo lenileni: sukulu, zipatala, mipando ya m'basi, zonse zinali zogawa, za azungu pazokha, za anthu akuda pazokha. Bambo awo, a James Price, ankagwira ntchito yocheka matabwa ndi ya ukalipentala. Mayi awo, a Kate, anali mzamba, ndipo ankaimba m'kwaya ya mpingo wa Methodist. Mwanayo asanayambe n'komwe sukulu anamuyambitsa maphunziro a piyano, ndipo makolo anapereka galamafoni ya m'nyumba ngati chikole kuti atenge piyano yolipira pang'onopang'ono. Ali kamtsikana anapita naye ku Jackson kukamvera Marian Anderson, mayi wakuda amene ankadzaza maholo ku Ulaya ndi ku America, ndipo mayi Price akhala akunena kuti tsiku limenelo ndi lomwe anaona chimene ankafuna kudzakhala. Panalinso banja lina la azungu olemera, la a Chisholm, komwe wachibale wawo ankagwira ntchito ya m'nyumba. Mayi Chisholm anamva mawu a mwanayo ndipo pambuyo pake anathandiza pa fizi. Nkhani imeneyi anthu ena amaikometsa ngati kuti azunguwo anatola mwana wosauka m'fumbi. Sizinali choncho. Banja la a Price linali lodzidalira, ndipo mchimwene wawo George anadzafika pa udindo wa jenerali m'gulu la asilikali a America.

Ku koleji, ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, anapita ndi cholinga chodzakhala mphunzitsi wa nyimbo, poti imeneyo ndiyo inali ntchito yomwe mtsikana wakuda wodziwa piyano akanaiyembekezera. Aphunzitsi atamva mawu awo m'kwaya anawakankhira ku kuimba. Paul Robeson, woimba wotchuka komanso womenyera ufulu, anaimba pa konsati yosonkhetsa ndalama zoti apitirize maphunziro, ndipo mu 1948 analowa sukulu ya nyimbo ya Juilliard ku New York. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wawo wa mawu, Florence Page Kimball, ndipo sanamusiye. Atatchuka kale dziko lonse ankabwererabe kwa mayi ameneyu kuti awamvere, mpaka pamene anamwalira mu 1977. Mfundo iyi muisunge. Woimba sadzimva yekha bwinobwino, chifukwa mawu ake amamufika kudzera m'mafupa a m'mutu, ndiye amafunika khutu la munthu wina loti limuuze zoona.

Ntchito yoyamba yaikulu inabwera mu 1952, pamene anapatsidwa gawo la Bess mu Porgy and Bess ya George Gershwin. Anazungulira nayo ku Vienna, Berlin, London ndi Paris, ndipo chaka chomwecho anakwatiwa ndi William Warfield, amene ankaimba gawo la Porgy. Banjalo linadzatha patapita zaka, ndipo sanakhale ndi ana. Bess anawabweretsera dzina, koma unalinso msampha, chifukwa oimba akuda ambiri ankathera pomwepo, moyo wonse kuimba sewero limodzi lokhalo lomwe azungu ankati n'lowayenera. Mayi Price anachokako mu 1954. Mu Januwale 1955 wailesi yakanema ya NBC inawapatsa gawo la Tosca, mkazi wa ku Rome mu opera ya Giacomo Puccini, wachikondi wake m'seweromo ali mzungu. Nthambi zina za wailesiyo zinakana kuulutsa.

Mwezi womwewo, pa 7 Januwale 1955, Marian Anderson anakhala munthu wakuda woyamba kuimba gawo lalikulu ku Met, holo imene inali itakhalapo kuyambira 1883. Nawonso anali ndi zaka 57, mawu atayamba kale kutopa. Khomo linatseguka mochedwa kwa iwo, koma linatsegukabe, ndipo ena monga Robert McFerrin ndi Mattiwilda Dobbs analowa pambuyo pawo.

Tsopano nayi mbali imene ine ndimaiona kuti ndiyo mutu wa nkhani yonse, ndipo ikukhudza funso lanu lachitatu. Mu 1957 mayi Price anaimba Aida koyamba pasiteji ku San Francisco, kulowa m'malo mwa woimba wa ku Italy, Antonietta Stella, amene anadwala mwadzidzidzi. Mu 1958 kondakitala, kapena kuti wotsogolera orchestra, wamphamvu kwambiri ku Ulaya nthawi imeneyo, Herbert von Karajan, anawaitanira ku Vienna, ndipo chaka chomwecho anaimbanso ku Covent Garden ku London. Bwana wamkulu wa Met, Rudolf Bing, anawaitana kuti adzaimbe Aida. Mtsikana wa ku Laurel, kuitanidwa ku holo yaikulu koposa m'dziko lake! Anakana. Peter Herman Adler, amene anawatsogolera pa Tosca wa pa NBC uja, anawalangiza kuti adikire mpaka atakhala ndi magawo angapo okhwima, komanso kuti asalowe ku Met koyamba atavala ukapolo, alowe ngati dona. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mtundu uwu n'koopsa, chifukwa palibe amene anawalonjeza kuti adzawaitananso. Anapitiriza kuimba ku Ulaya, ku La Scala ku Milan ndi ku Salzburg mu 1960, ndipo Bing anabweranso, ulendo uno ndi magawo angapo.

Anayamba ku Met pa 27 Januwale 1961 ngati Leonora, dona wa ku Spain mu Il trovatore ya Verdi. Usiku womwewo tenor wa ku Italy, Franco Corelli, nayenso ankaimba koyamba m'holomo. Pomaliza anthu anawomba m'manja kwa mphindi zoposa theka la ola, ena amati 35, ena 42. M'miyezi yochepa yotsatira anaimba Aida, Madama Butterfly, Donna Anna wa Mozart ndi Liù mu Turandot, ndipo magazini ya Time inawaika pachikuto. Akanalowa mu 1958 ndi gawo limodzi, bwenzi anthu akuti tapeza wakuda wodziwa kuimba Aida. Polowa ndi magawo asanu, panalibenso chonena koma kuvomera kuti uyu ndi mmodzi mwa a soprano akuluakulu a nthawi yake.

Chaka chomwecho chisanathe anagwa m'mavuto, ndipo inu amene mukudandaula za kusasa mawu mumvetsere bwino apa. Met inawasankha kuti atsegulire nyengo yatsopano mu Okutobala 1961, ulemu umene munthu wakuda anali asanaulandirepo, ndi La fanciulla del West ya Puccini. Gawo la Minnie, mkazi woyendetsa bala pakati pa okumba golide ku California, ndi lolemera: orchestra imabangula, ndipo woimba amakhala nthawi yaitali pa manotsi apakati, akulimbana ndi phokosolo. Mawu a mayi Price kukoma kwake kunali kumwamba, komwe ankauluka mosavutikira, osati pakati. Usiku woyamba zinayenda. Usiku wachiwiri, mkati mwa chigawo chachiwiri cha sewero, mawu anangoti zii. Anamaliza chigawocho polankhula mawu amene anayenera kuimba, ndipo Dorothy Kirsten ndiye anadzaimba chigawo chachitatu. Manyuzipepala anati anadwala, koma ambiri odziwa za mawu, ndipo ine ndili nawo, amaona kuti kutopa kwa chaka chonse chosapuma, mantha a kunyamula mbiri ya mtundu wonse paphewa, ndi kulemera kwa gawolo zinathandizana. Chimene anachita pambuyo pake ndicho chinawapulumutsa. Anaimitsa ntchito, napita kukapuma ku Rome kwa miyezi ingapo, ndipo Minnie sanakhale naye nthawi yaitali. Anabwerera ku Verdi, amene nyimbo zake zinkakhala ngati anazisokera pathupi pawo.

Ulemu unabwera wambiri, kuphatikizapo mendulo ya Presidential Medal of Freedom yomwe Pulezidenti Lyndon Johnson anawapatsa mu 1964. Pamene Met inkasamukira m'holo yatsopano ku Lincoln Center, Samuel Barber anapeka opera ya Antony and Cleopatra, gawo la Cleopatra atalilembera mawu awo. Inatsegulira holoyo pa 16 Seputembala 1966. Wokonza siteji, Franco Zeffirelli, anadzaza malowo ndi anthu, nyama ndi makina, moti pa pulakatisi chozungulitsira siteji chinawonongeka, ndipo tsiku lina mayi Price anatsekeredwa m'kati mwa piramidi yomwe inakana kutseguka. Olemba nkhani anainyoza operayo, ngakhale kuimba kwa mayiwa anakuyamikira. Iwo sanamutaye Barber, amene anali mnzawo kuyambira 1953 pomwe anaimba koyamba nyimbo zake za Hermit Songs iye mwini akuimba piyano. Nyimbo ya imfa ya Cleopatra anapitiriza kuiimba m'makonsati.

Kuchokera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anachepetsa kwambiri opera. Ku Met ankangoonekera mwa apo ndi apo, ndipo anthu ankadandaula kuti akusowa. Pa zaka 24 anaimbako maulendo pafupifupi 200 okha, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi anzawo ena otchuka. Nthawi yambiri ankayenda m'mizinda ndi m'makoleji ndi woimba piyano wawo, David Garvey, kuimba nyimbo za Chijeremani, Chifalansa ndi Chingerezi, n'kumalizira ndi ma spiritual, nyimbo zauzimu zimene makolo awo anapeka ali mu ukapolo. Pa konsati yotere woimba amasankha yekha nyimbo, kiyi yake ndi dongosolo lake, ndipo palibe malipenga olimbana nawo. Carmen, gawo lomwe limakhala pansi kwambiri, analijambula pa mbale ndi Karajan mu 1963, koma pasiteji sanaliimbe. Mu situdiyo munthu amatha kupuma n'kubwereza, m'holo ayi.

Ndisakunamizeni kuti analibe pofooka. Manotsi awo apansi sanali amphamvu ngati apamwamba, ndipo atakula anayamba kumveka okhuthala, nthawi zina ngati mwa utsi. Anali ndi chizolowezi chokwera notsi mochita kutsetsereka kuchokera pansi, chomwe ena amachikonda poti chimawakumbutsa kuimba kwa m'matchalitchi a anthu akuda, ena chimawanyansa. Pa zisudzo sanali ngati Maria Callas, amene ankasewera ndi thupi lonse. Mayi Price ankaima n'kuimba, sewero lonse lili m'mawu. Kwa ine zimenezi sizichotsa kanthu, koma mukamva wina akuwadzudzula, dziwani kuti si nsanje yokha.

Za Aida pali chinanso. Kwa zaka zambiri gawo limeneli ankaliimba azungu atadzipaka zodetsa nkhope. Mayi Price ankanena kuti pa gawo ili khungu lawo ndilo linali chovala chawo, ndipo sankamuona Aida ngati kapolo koma ngati mwana wa mfumu amene ali m'manja mwa adani. Mu 1990 analemba nkhaniyi ngati buku la ana. Choncho gawo lija analikana polowera ndi lomwe analisankha potulukira, nthawi imeneyo palibenso amene akanati ndi lokhalo amatha. Sanali munthu woyenda m'misewu ndi zikwangwani, ndipo ena m'zaka za m'ma 1960 ankafuna kuti azilankhula kwambiri za ufulu. Njira yawo inali yoti pasapezeke chifukwa chonenera kuti wakuda walephera. Katundu ameneyu ndi wolemera, ndipo si chilungamo kuti munthu mmodzi ausenze, koma oimba amene anabwera pambuyo, monga Jessye Norman ndi Kathleen Battle, anapeza njira italambulidwa. Mu 1982 anaimba ku Constitution Hall ku Washington pa msonkhano wa bungwe la Daughters of the American Revolution, lomwe lija linakaniza Marian Anderson kuimba m'holo yomweyo mu 1939, ndipo anapereka ulemu kwa mayi Anderson pamaso pa bungwelo.

Atasiya opera mu 1985 anapitiriza makonsati mpaka 1997, ali ndi zaka 70. Mu 2001, pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Seputembala, anatulukanso kukaimba pa mwambo wokumbukira omwalira ku Carnegie Hall ali ndi zaka 74. Mukafuna kuwamva ali pachimake, fufuzani Aida amene anajambula ndi kondakitala Georg Solti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kapena kanema wa Requiem ya Verdi, nyimbo za misa ya omwalira, wa ku La Scala mu 1967, momwe mudzaonemonso Luciano Pavarotti ali mnyamata wopanda ndevu. Poti ndinu wa kwaya, Requiem imeneyo idzakukomerani kwambiri.

Tibwere kwa inu, mayi. Sindinakumveni mukuimba, koma zimene mwafotokozazo ndimakumana nazo kawirikawiri mwa a soprano a m'makwaya athu. Nthawi zambiri vuto limakhala loti munthu akukoka mawu olankhulira, a pachifuwa, kuwakweza mpaka kumwamba kuti apose kiyibodi ndi masipika, m'malo mosinthira ku mawu opepuka a kumutu. Timinofu tiwiri ta pakholingo timene timatulutsa mawu n'tating'ono kwambiri, ndipo pa manotsi a soprano timagundana maulendo mazanamazana pa sekondi imodzi. Mukatikakamiza tsiku lonse timatupa, ndipo kusasa kwa Lamulungu kuja n'kutupa kumeneko. Paukwati mumawonjezeranso kululutira, kucheza mokweza pakati pa phokoso, fumbi, ndi kusamwa madzi. Ndiye yambani ndi zing'onozing'ono. Musanaimbe, ng'ung'udzani kaye kwa mphindi zingapo, kuyambira pakati kupita m'mwamba pang'onopang'ono. Pemphani wa kiyibodi achepetse voliyumu, ndipo ngati nyimbo ikukufinyani pakhosi, uzani a kwayamasitala atsitse kiyi, si tchimo. Pa nyimbo khumi simuyenera kutsogolera zonse, ngakhale anzanu akukukankhirani kutsogolo poti ndinu amene mumatha. Mawu akasasa musaimbe, ndipo musanong'one poganiza kuti mukuwasunga, chifukwa kunong'ona nako kumatopetsa kholingo. Lankhulani pang'ono, mofatsa, kapena khalani chete. Koma kusasako kukapitirira milungu itatu ngakhale mukupuma, kapena mukayamba kumva kuwawa pomeza, musadalire mandimu ndi uchi. Pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero kuti akayang'ane pakholingopo.